Mbale ya Tiamphaka

Bangwe
9 Juni 2008

Petronela mwana wanga,

Landira moni wochokera kuphiri kuno. Ine ndadzuka, kungoti bondo layambanso nyimbo yake poti chiperoni chafika. Kaya iwe uli bwanji ku Cape Town ndi madamu ako aja? Kalatayi ndapatsira a Willard amene amayenda ndi katundu pa basi, chifukwa pafoni khutu langali limangomva mphepo.

Za mlongo wako Yona palibe chogwirika. Mabasi onse amene anabweretsa anthu othawa zipolowe za ku Joni ndinakawachingamira, kusuzumira nkhope imodziimodzi mpaka maso kuwawa. Mnyamata wina wa ku Namiyango akuti anakhala naye mpando umodzi, ndipo anatsikira limodzi mu Blantyre momwe muno, iye atagwira kajumbo kamodzi basi. Ndiye kuti mwana wanga ali moyo, akuyenda m'misewu yomwe ndimayendamo ine, koma pakhomo pano sanaponde. Ndikumudziwa. Anachoka akudziguguda pachifuwa kuti adzabwera ndi malata a nyumba yake, lero manyazi amumanga miyendo. Ine malata ndidye? Ndikufuna mwana wanga, uja ankati akadya n'kutsuka yekha mbale, n'kuivundikira pawindo, iwe utathawira kale kosewera.

Nyumba yakeyo, imene inathera pa mawindo kuseri kuno, yapeza eni ake. M'chipinda chimene ankati chidzakhala chogona muli tiamphaka titatu, pansi pa mulu wa njerwa. Make anagundidwa ndi minibasi kumsewu. Kamodzi n'kakuda bii, kena kamawangamawanga, kachitatu kofiirira ngati tiyi wamkaka. Tamera kale mano, ndipo ukayandikira timachita fuu! n'kuthawira m'njerwa.

Masana ndimakhala pa khoma lalifupi n'kumaonerera patali. Nkhungu ikamatsika m'phiri imalowa m'nyumbamo ngati mlendo wodziwa njira, poti denga palibe. Dzana ndinawodzera pomwepo. Ndinalota Shire wabwera kuchokera kwathu ku Nsanje, akuyenda phee m'zipindamo, tiamphakato tili m'bwato. Wopalasa sindinamuone nkhope.

Tsono funso langa ndi ili. Iwe umadyetsa mphaka wa azungu: kodi kamphaka kotere kamafuna chakudya chochuluka bwanji pa tsiku? Ana a anthu ndinalera, muyezo wawo ndimaudziwa ndi maso, koma iti tandisokoneza. Ndikaika zambiri nyerere zimachita phwando, ndikaika pang'ono timalira mpaka mtima kundipweteka. Undiyankhe msanga. Ukapeza kangachepe utumize, komanso bulangete, langa lasanduka ukonde.

Ndine mayi ako,
Anjelina


Cape Town
27 Juni 2008

Okondedwa amayi,

Ndakondwa kumva kuti mwadzuka. Ine ndili bwino, kungoti kuno mvula ndi mphepo sizikupatsa mpata. Kalata yanu yachedwa chifukwa a Willard anaisiya kwa mnzawo ku Joni, mnzawoyo n'kuiiwala m'thumba la jekete. Bulangete ndatumiza, kandalama kali mu envulopu. Mundiuze ngati zafika zonse, anthu a mabasiwa manja awo ndi aatali.

Koma amayi, inunso! Mwana wasowa, inu mwayamba kulera amphaka? Ndinaseka ndekha m'khitchini mpaka madamu anandifunsa. Nditawafotokozera anakhala pansi n'kuvala magalasi, nkhope ili siriyasi ngati ndanena za maliro. Paja mphaka wawo ali ndi dokotala wake, ndi sikelo yake yoyezera chakudya. Ine womudyetsane ndikadwala amangondipatsa panado.

Akuti kamphaka kamimba kake n'kakang'ono zedi, ndiye musamaunjike chakudya kamodzi. Muziika pang'onopang'ono, katatu kapena kanayi pa tsiku, kamphaka kalikonse supuni yaikulu imodzi poyambira. Usipa muziwiritsa n'kuuphwanya, kapena dzira lowiritsa. Mchere ayi, anyezi ayi, mkaka wa ng'ombe ayi, timatsegula nawo m'mimba. Madzi azikhala pambali. Phala lokha sitingakule nalo, ndi tanyama todya nyama. Koma muyezo weniweni ikuuzani ndi mbale: tikasiya, chepetsani, tikanyambita mpaka mbee, onjezerani pang'ono, poti tikamakula timadya ngati dzombe. Mukatha kugwira kamodzi mukasisite m'mbali. Nthiti zizimveka, koma zisamabaye chala.

Chinanso, akuti tobadwira kutchire sitigwidwa ndi liwiro. Mukathamangitsa ndiye mwataya. Musamayang'ane m'maso. Muzingosendeza mbale pang'ono tsiku lililonse kulowera kukhomo, tsiku lina tidzalowa tokha.

Za Yona zikundipsetsa mtima. Tonse taona zoopsa chaka chino, nanenso ndinagonapo m'holo ya tchalitchi, koma munthu osakaonekera kwa mayi ako? Ndikadzamuona ndidzayamba ndi mbama, kulira pambuyo. Pitani ku polisi ndi kuchipatala mukafunse. Ndipo muzidya, amayi. Usipa wa amphaka usachoke m'mbale yanu.

Mwana wanu,
Petronela


Bangwe
14 Julaye 2008

Petronela mwana wanga,

Moni. Uli bwanji ndi mphepo yakoyo? Bulangete lafika, envulopu yafika yosatsegula, a Willard usawanamizire. Madamu ako uwathokoze, nzeru zawo zagwira ntchito kuposa mmene akudziwira.

Ndinachita monga unanenera. Usipa wowiritsa, wopanda mchere, m'mawa ndisanapite ku misa, masana ndisanapite kumsika, kenanso madzulo. Ya madzulo tiamphaka timasiyako pang'ono, koma ya m'mawa ndikabwerako inali mbee. Ndinaonjezera. Mbee. Ndinaonjezeranso mpaka usipa wa sabata yonse unatha sabata isanafike pakati, koma kofiirira kaja nditakagwira, nthiti zinali kubaya chala. Ndinati kodi chakudyachi chikulowa m'mimba mwa ndani? Galu sangalowe, pakhomo ndinatchingapo ndi chitseko chakale.

Lachitatu lapitali pochokera ku misa ndinapeza mbale ija yotsukidwa, yovundikiridwa pawindo. Ndinaima pomwepo nthawi yaitali, Petronela. Nkhungu inali itadzaza m'zipinda, dzuwa likuoneka ngati mwezi, ndipo ndinkaopa kuti ndikapuma mwamphamvu zonse zibalalika. Ndinabwerera chambuyo, monyang'ama, ngati munthu wotuluka m'chipinda momwe mwagona khanda.

Tsopano mbale ndi ziwiri. Yaing'ono ikutsata malamulo a madamu. Yaikulu ndikuikamo mpunga ndi nyemba za tomato ndi anyezi, mchere wokwana bwino, n'kuvundikira ndi mbale ina. Tiyi ndikuthira mu fulasiki ya malemu bambo ako. Bulangete lako ndayala konko, ine ndinazolowera, koma tiamphaka ta chaka chino timamva kuzizira kwambiri. Zonse zikumatha, ndipo nthiti za kofiirira zakwiririka. Ku polisi sindinapite, sindipitanso.

Mbale ndikusendeza. Zachoka kuchipinda chogona, zadutsa pabalaza, pano zili pakhomo pa nyumba yopanda dengayo, moyang'anana ndi khitchini yanga. M'maso sindiyang'ana. Pochokera ku misa ndimayamba nyimbo ya kwaya ndikadali kumsewu, mokweza, kuti aliyense amve kuti ndikubwera. Anthu akuti mayi Anjelina agwidwa ndi mzimu. Alekeni.

Masiku ano tulo tikundikomera. Bwato lija ndinalilotanso, lafika pafupi, ndikumva nkhafi ikugunda madzi, ndipo m'malotomo nyumba ija ili ndi denga la nkhungu, silidontha.

Usandifunse zambiri, ndipo a Willard usawauze kanthu, pakamwa pawo ndi pa wailesi. Ukapeza mpata undigulire juzi yachimuna, yamikono yaitali.

Mayi ako,
Anjelina


Cape Town
1 Ogasiti 2008

Okondedwa amalume a Laurenti,

Ndikhulupirira muli bwino ku Chilomoni pamodzi ndi onse pakhomo. Ine thupi lili bwino, koma mtima suli m'malo.

Amalume, mlongo wanu mutu wayamba kusokonekera. Kusowa kwa Yona kwawadya. Akuphikira amphaka mpunga ndi nyemba, tiyi mu fulasiki, ndipo bulangete limene ndinagula ndi thukuta langa ayalira amphakawo, iwo n'kumagona ndi chisanza. Akuti apeza mbale yotsukidwa! Si akutsuka okha n'kuiwala? Pano akuitanitsa juzi yachimuna, chonsecho bambo anatisiya kalekale. Ndalira, amalume. Komanso mukudziwa pakamwa pa anthu: mayi wamasiye, wokalamba, woimbira amphaka m'nyumba yopanda denga, mawa adzawatcha dzina lina loopsa.

Chonde pitani mukaone. Amphakawo achoke. Musawaphe, mungokawasiya kutali. Mukachite iwo kulibe, angakukanizeni. Ya thiransipoti ndapatsira a Willard. Mundilembere zonse osabisa.

Ndine mwana wanu,
Petronela


Chilomoni
18 Ogasiti 2008

Wokondeka Petronela,

Choyamba, moni m'dzina la Ambuye. Ife kuno tili bwino, kupatula shuga wanga ndi mipope imene ikungotulutsa mpweya. Chachiwiri, ntchito unandituma ija ndaigwira, ndipo ndaigwira mwaukadaulo.

Ndinapita Lachiwiri m'mawa mayi ako ali ku misa. Zimene unanena ndi zoona zokhazokha. Fulasiki ya malemu alamu anga ndi mbale ziwiri ndinazipeza panja, pambali pa mtondo, ndipo bulangete linali m'nyumba ya Yona, lopindidwa bwino ngati la msilikali. Tizilomboto kugwira sanali masewera. Kakudako kanandilemba padzanja, chizindikiro ndili nacho mpaka lero. Ndinachita kukola ndi thumba la feteleza. Mu minibasi tiamphakato tinalira njira yonse, kondakitala n'kufuna kundilipiritsa mipando iwiri. Ndinamuuza kuti ine ndinayamba ntchito ku njanji iye asanabadwe, analandira ya mpando umodzi. Ndinakakhuthula thumbalo kumsika wa Limbe, kuseri kwa ogulitsa nsomba, kumene mphaka sangafe ndi njala.

Chimodzi chokha: Bangwe wadzaza ndi mbava. Mnyamata wina woonda, chipewa mpaka m'maso, ananditsatira kuchokera m'nandolo za mayi ako mpaka pa siteji, ndipo minibasi itanyamuka anathamangira pambuyo. Ine chikwama ndinachigwira zolimba.

Masana ndinabwerera kukamufotokozera mlongo wanga, poti ine sindichita zinthu mobisa. Ndinkayembekezera mkuntho. Ayi ndithu. Anangondiyang'ana, n'kupita kukakhala pa njerwa, manja pamiyendo, mpaka dzuwa kupendeka. Mawu amene ananena ndi awa okha: "Achimwene, mwagwetsa mlatho." Mlatho wake uti, pamtunda ngati paja? Apa ndi pamene ndinatsimikiza kuti matendawa alowerera. Maganizo anga ndi akuti apite kumudzi ku Nsanje akapume, nyumba tiikemo alendi.

Pomaliza, nsapato zanga za Lamulungu zayasama kutsogolo. Saizi yanga a Willard akuidziwa.

Ndine malume ako,
L. Laurenti


Bangwe
24 Ogasiti 2008

Petronela,

Moni ndikupatsa chifukwa ndinakubala, koma ndakwiya nawe, ndipo sindibisa. Amalume ako andiuza kuti unawatuma ndiwe.

Mwana iwe, sukulu yonse ija! Unamva kuti mphaka amamwa tiyi? Misala ndilibe. Amene ankadya mbale yaikulu ija ndi Yona. Ndinadziwa tsiku lomwe ndinapeza mbale yovundikiridwa pawindo. Ndinamuonanso ndi maso angawa, kamodzi, nditabisala kuseri kwa bafa. Anali atakhala m'chipinda chake chopanda denga, atatsamira khoma limene anagula yekha njerwa zake, woonda ngati bango, tiamphaka tikumukwera m'mapewa. Ankayankhula nato. Ankaseka, Petronela. Ndinaluma chitenje kuti ndisafuule dzina lake.

Sindinakuuze poyera chifukwa ndimakudziwa ndi mbama zako. Ukanaimbira amalume ako, iwo n'kubwera ndi a mphakati wa kutchalitchi kudzamuzungulira ngati mbuzi yodula chingwe. Mwana uja chakudya cha mayi ake sakanadya, manyazi akanamutsamwitsa. Koma cha amphaka ankatha kudya, poti palibe amene wamupatsa, palibe woti amuthokoze. Ine ndinkanamizira kuti sindikudziwa, iyenso n'kumanamizira chimodzimodzi, ndipo mbale inkasendera. Inali itafika pa mtondo. Kuchokera pa mtondo kufika pakhomo panga ngakhale nkhuku yachitopa imafika.

Chichokereni tiamphaka, mbale ndaika tsiku lililonse. Sinakhudzidwe. Nyerere zokha. Chonamizira chathu munachitengera m'thumba la feteleza, mbale yatsala ndi dzina lake, ndiye angaiyandikire bwanji? Bwato lija sindikulilotanso. Ndikungolota madzi okhaokha, mbali zonse, opanda tsidya. Ndikuopa, mwana wanga. Ndikuopa kuti ulendo uno wapitiratu.

Ku Nsanje sindipita, amalume ako apite okha ndi nsapato zawo. Ndachita chimodzi chimene chatsala. Mbale ndaichotsa panja, ndaiika patebulo m'nyumba. Chitseko ndikuchisiya chotsegula kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ine n'kukhala chofulatira, kumasankha nyemba zomwe ndinasankha kale dzulo. Akuba akafuna alowe, atenge wailesi.

Ulendo uno sindikupempha kanthu. Juzi ija ngati sunagule, usagule.

Anjelina


Cape Town
10 Sepitembala 2008

Amayi anga,

Kalata yanu ndawerengera pa siteji, n'kukhala pansi pomwepo anthu akundilambalala. Munandiuza zonse, mbale yovundikiridwa pawindo, juzi yachimuna, ine ndi nzeru zanga za sikelo osamva. Ndikhululukireni, amayi. Ndinkati ndikukutetezani.

Juzi ndagula, ya buluu, ndi iyi. Madamu ndawapempha tchuthi cha Disembala, avomera. Chonde ndiuzeni chilichonse, ngakhale mutangoona phazi lake m'fumbi. Ndipo mbale ya patebuloyo ikazizira muzidya inuyo.

Mwana wanu,
Petronela


Bangwe
21 Sepitembala 2008

Achemwali,

Ndine Yona. Moni. Ndili moyo, ndili pakhomo, ndavala juzi yanu ngakhale kwayamba kutentha. Za mbama ija amayi andiuza. Mudzandipatse pa Disembala, tsaya ndakusungirani.

Kulemba sindinazolowere, mungondimva. Nditatsika basi ija ndinalibe nkhope yobwera nayo kuno. Ndinkakhala ku Limbe, kunyamula matumba a anthu, koma m'mawa miyendo inkanditenga yokha kupita ku nyumba yanga, kukangokhala m'zipupamo n'kumayang'ana kumwamba kumene kunayenera kukhala malata. Masiku oyamba ndinkabera tiamphaka usipa, njala ilibe ulemu. Nditaona mpunga ndinadziwa kuti amayi adziwa. Ndinkati mawa ndigogoda, mawa ndigogoda, mawalo osafika.

Tsiku limene amalume anabwera ndi thumba ndinali m'nandolo. Minibasi ndinaithamangira mpaka mpweya kutha. Kondakitala wake ndinamupeza pambuyo pake, anandiuza kumene mdala wa amphaka anatsikira. Amayi ankaganiza kuti ndathawa mbale. Ayi, ndinali kusaka. Msika wa Limbe ndi waukulu, achemwali, ndipo tiamphaka tinali titabalalika, kena m'ngalande, kena pansi pa mabenchi a nsomba. Kuthamangitsa sikunathandize, ndinangosekedwa ndi azimayi a usipa. Ndiye ndinachita za amayi zomwe zija: kausipa pa chivindikiro, osayang'ana m'maso, kusendeza pang'ono tsiku lililonse kulowera ku katoni. Kakuda ndi kamawanga tinalowa msanga. Kofiirira kanandivuta pafupifupi mwezi. Ndinati sindibwerera ndi tiwiri. Ku Joni ndinabwerako chimanjamanja, uku ayi.

Ndinayenda wapansi, katoni pamutu, dzuwa lili paliwombo. M'nyumba yanga munalibe mbale. Pa mtondo panalibe. Nditakweza maso ndinaona chitseko cha amayi chili chotsegula, mbale yovundikira ili patebulo, iwo atafulatira akusankha nyemba m'lichero. Ndinaima. M'katoni tiamphaka tinkalira. Zinali ngati maloto aja umafuna kuitana koma mawu osatuluka.

Ndinati, "Odi. Ndabweretsa amphaka anu."

Sanatembenuke. Manja okha anasiya kusankha. Anati, "Alipo angati?"

Ndinati, "Atatu."

Anati, "Ine ndaphikira anayi. Lowa, mpunga ukuzizira."

Ndinalowa, achemwali. Ndinalira ngati mwana, mpunga uli m'kamwa, lichero litagwa, nyemba zili mbwee pansi, tiamphaka tikuzithamangitsa pansi pa tebulo, amayi atandigwira khutu ngati ndithawanso, akungoti idya, idya. Mbale ndinatsuka ndekha.

Za denga tidzakambirana mukabwera. Amalume anabwera Lamulungu, anandigwira chanza nthawi yaitali, kakuda katawaona kanathawira pansi pa bedi. Ndimafuna mufunse madamu anu kuti poti tiamphaka takula tizionjezera bwanji chakudya, koma amayi akuti musawavutitse, mbale itiuza.

Ndine mlongo wanu,
Yona